Kodi Mafuta Odzola Amene Tikugulitsawa Ndi Otani?

Ambiri a ife timadyetsa mabanja athu pogulitsa sopo ndi mafuta odzola pamsika kapena m'maokala. Malondawa ndi abwino, koma ali ndi malamulo ake, pakuti chimene munthu wadzola chimatha kulowa m'thupi kudzera pakhungu.

Vuto lalikulu lili pa mafuta oyeretsa khungu. Ena mwa mafutawa ali ndi mercury, amene amaononga impso ndi ubongo, ndipo amafika ngakhale kwa mwana amene ali m'mimba. Ena ali ndi hydroquinone. Poyamba nkhope imayera ndithu, koma pakapita nthawi pamatuluka mabanga akuda bii, ovuta kuchiza. Dziko la South Africa lidaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990, ndipo mu 2013, pa pangano la Minamata, maiko adagwirizana zothetsa zodzola za mercury. Palinso timachubu ta betamethasone. Amenewa ndi mankhwala a kuchipatala, si zodzola ai, ndipo sayenera kupezeka pa benchi yathu.

Choncho tikamaoda katundu, tiziwerenga zolembedwa pa botolo. Pakhale dzina la kampani imene idapanga, zimene adasakanizamo, ndi tsiku lothera mphamvu. Kuno kwathu oyang'anira miyezo ya katundu ndi a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1972.

Nanga mafuta aja otapa m'chidebe n'kuthira m'timabotolo topanda dzina? Amenewo tiwakane, ngakhale atchipe bwanji. Wogula akatupa nkhope adzabwera kwa ife, ndipo dokotala akafunsa chimene chidali m'botolomo, tidzasowa choyankha.