SEFA YA MPWEYA IIKIDWE PATI? ZA ENI GALIMOTO A KU KABWE

MWEZI wa October ukafika, dzuwa likamaswa mtengo pa mseu wa Great North Road, eni galimoto ambiri a mu Kabwe amadandaula kuti injini yafooka, ikukoka ngati ng'ombe yotopa. Ena amapita kwa amakanika kuti awasamutsire sefa ya mpweya, ija ambiri amati air cleaner, kuicotsa pafupi ndi injini yotentha ndi kuiika pamene pali mpweya wozizira.

Nzeru imeneyi si yabodza iai. Injini imadya mpweya koposa petulo: pa kilogalamu 1 ya petulo pamafunika makilogalamu pafupifupi 15 a mpweya. Mpweya ukatentha umapepuka, ndipo mu silinda mumalowa wocepa, motero moto wace umafooka. Ukazizira ndi madigiri 10, kulemera kwace kumaonjezeka ndi magawo 3 pa 100. Komanso Kabwe ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,180 pamwamba pa nyanja ya mcere, kumene mpweya ngwopepuka kale.

Koma phindu lace ndi lacepa, lakuti woyendetsa sangalimve kweni-kweni. Ndiponso galimoto zambiri zimacoka ku fakitale ziri ndi paipi yokoka mpweya kutsogolo, kunja kwa kutentha kwa injini. Anyamata amene amataya bokosi la sefa ndi kumangirira sefa yapoyera pansi pa boneti amangogula phokoso, pakuti injini yao tsopano ikupuma mpweya wotentha koposa kale.

Ngozi yeni-yeni iri pa kutsitsa sefa pansi, kumbuyo kwa bampala. Kumeneko kulidi kozizira, koma m'dzinja, kuyambira November kufikira April, madzi amaima m'miseu cifukwa Kabwe ndi malo acidikha. Madzi sapanikizika monga mpweya. Akalowa mu silinda, ngakhale osadzaza kapu, pisitoni imagunda ngati pa mwala, ndipo citsulo coikankha cimapindika kapena kuthyoka. Kwa mlimi wa galimoto imodzi, imene imamtengera matimati ndi cimanga ku msika, ndalama yokonzetsa ingathe kumeza zokolola za caka conse.

M'cilimwe mdani ndi fumbi, ndipo fumbi la ku Kabwe si fumbi wamba. Tauniyi, imene kale inali kuchedwa Broken Hill, inakula ndi mgodi wa mtovu ndi zinki umene unagwira nchito kuyambira 1906 kufikira 1994. Mgodi unatsekedwa, koma unasiya mulu waukulu wa zotsala umene anthu amati Black Mountain, ndipo dothi la m'makomboni monga Kasanda, Chowa ndi Makululu linadetsedwa ndi mtovu. Fumbi likapyola sefa limapala maringi ndi silinda pang'ono-pang'ono, mpaka galimoto iyamba kufuka utsi ndi kumwa oilo. Likalowa m'thupi la munthu, maka-maka mwana, mtovu umaononga magazi ndi ubongo. Ncifukwa cace si bwino kukung'untha sefa pabwalo pamene ana akusewera, kapena kuiuzira ndi pakamwa, ndipo makanika asambe m'manja ndi sopo asanagwire nsima.

Tsono ngati sefa kapena pakamwa pa paipi yace pafunika kusamuka, njira yabwino ndi ya kumwamba. Taonani mathirakitala ndi malole akulu: paipi yao yokoka mpweya imaima pamwamba, kutali ndi madzi, kutali ndi fumbi la matayala. Ma Land Cruiser ambiri oyenda m'miseu ya kumidzi ali ndi paipi yotere yokwera m'mbali mwa galasi la kutsogolo, ndipo sefa yeni-yeniyo imatsala m'bokosi lace.

Wocita nchitoyi asagwiritse paipi yopapatiza kuposa yoyamba, ndipo asaikhotetse kambiri, cifukwa injini ingabanike. Pa galimoto za makono pali kacipangizo koyesa mpweya wolowa. Kameneko kasacotsedwe pa malo pace, apo ayi petulo idzayamba kutha msanga. Polumikiza ponse pamangidwe zolimba, pakuti kamng'alu kakang'ono pakati pa sefa ndi injini kamalowetsa fumbi losasefedwa. Patapita sabata imodzi, mwini galimoto amasule paipiyo ndi kupisa cala m'kati. Cala cikaturuka ndi fumbi, ndiye kuti pena pace pakudontha, ndipo galimoto ibwerere kwa makanika tsiku lomwelo.