MAMICO, yureniyamu wa ku Kayelekera ndi madzi a nyanja ya Malawi

Malawi Mining Investment Company, yomwe anthu amangoti MAMICO, ndi kampani ya boma yomwe idatsegulidwa mu 2025 kuti iziyang'anira magawo a boma m'migodi ndi kulowa nawo pa ntchito yofufuza ndi kukumba miyala yamtengo wapatali. Aka si koyamba boma kuyesa njirayi. M'zaka za m'ma 1980 kudali MIDCOR, yomwe inkakumba malasha ku Kaziwiziwi ndi ku Mchenga m'boma la Rumphi, koma idatha pa nyengo yomwe makampani a boma ankagulitsidwa.

Mgodi womwe ukusonyeza bwino chifukwa chake kampani yotere ikufunika ndi wa yureniyamu wa ku Kayelekera, m'boma la Karonga. Kampani ya ku Australia ya Paladin idayamba kukumba kumeneko mu 2009. Ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, m'dziko la Japan, mu 2011 idagwetsa mtengo wa yureniyamu, ndipo mu 2014 ntchito idaima. Mu 2020 mgodiwu udapita m'manja mwa Lotus Resources, nayonso ya ku Australia, yomwe idautsegulanso mu 2025. Gawo la boma la Malawi ndi 15 pa 100 aliwonse.

Yureniyamu satuluka pansi ali woti n'kugulitsa. Miyala imaphwanyidwa, kugayidwa mpaka kukhala matope, kenaka imathiridwa asidi woti asungunule yureniyamuyo. Chotuluka pomaliza ndi ufa wotchedwa yellowcake, womwe amauika m'migolo yachitsulo n'kuutumiza kunja kukapangira magetsi. Ufawu ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi matope otsala, ndipo matopewo sapita kulikonse. Amakhala m'damu pamgodi pomwepo kwa zaka zambirimbiri.

Nanga dziko lidapindulanji? Pa mgwirizano woyamba, boma lidalandira gawo lija koma lidachepetsera Paladin misonkho. Bungwe la ActionAid lidawerengetsa mu 2015 kuti Malawi idataya ndalama zokwana madola 43 miliyoni m'zaka zisanu ndi chimodzi. Vuto lake n'lakuti mwini gawo amalandira pokhapokha kampani ikalengeza phindu, ndipo wosadziwa kuwerenga mabuku a mgodi amangomva zomwe wauzidwa. Apa ndi pomwe MAMICO iyenera kukhala ndi akatswiri akeake a miyala, a malamulo ndi owerengera ndalama, chifukwa migodi ina ili m'njira: niobium ku Kanyika m'boma la Mzimba, ndi miyala yosowa yopangira maginito ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe Hill m'boma la Phalombe. Chitsanzo chili ku Kazakhstan, komwe kampani ya Kazatomprom, yomwe gawo lake lalikulu ndi la boma, imakumba yureniyamu wochuluka kuposa kampani ina iliyonse padziko lapansi, ndipo fakitale yake ya Ulba imayenganso tantalum ndi beryllium. Kufika pamenepo kudatenga zaka zambiri zophunzitsa anthu.

Kwa msodzi wa ku Ngala, m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Dwangwa, Karonga ndi kutali, komabe nkhaniyi ndi yake pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi ndalama zakunja. Mafuta a injini ya boti, nyale zokokera usipa usiku ndi ulusi wa chilimira zimagulidwa kunja ndi madola, ndipo madola akasowa mtengo wa usipa pathandala umakwera. Yureniyamu amagulitsidwa m'madola, choncho angathandize kuti madolawo asasowe.

Chachiwiri ndi madzi, ndipo ichi n'cholemera kuposa choyambacho. Mvula yogwa ku Kayelekera imatsikira mumtsinje wa Sere, womwe umathira mu North Rukuru, n'kukalowa m'nyanja ku Karonga. Nyanja ya Malawi ili ndi potulukira pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, choncho cholowamo chimakhalitsa. N'chifukwa chake anthu a ku Karonga adada nkhawa cha m'ma 2014 atamva kuti madzi oyeretsedwa a pamgodi azitayidwa mu Sere. Udindo woyang'anira cheza choopsa uli m'manja mwa Atomic Energy Regulatory Authority, yomwe idabwera ndi lamulo la mu 2011. Boma likakhala mwini gawo komanso woyang'anira, pamafunika kuti zotsatira za kuyeza madzi zizilengezedwa poyera, m'chilankhulo chomwe makomiti a m'madoko ngati Ngala angathe kuwerenga okha.