Msilikali wa Keyala amene anasanduka mlonda wa nkhalango

Pa Chezi, m'mbali mwa msewu wa ku Salima, achikulire amakumbukabe agogo ena amene anakamenya nkhondo ku Burma m'chaka cha 1944 ali m'gulu la Keyala. Atabwerako anatula mfuti nayamba ulonda m'nkhalango ya Ntchisi, imene boma linaipatula m'chaka cha 1924. Otentha tchire ndi ogwetsa mitengo mozemba ankawaopa zedi.

Atapuma pantchito, za ku Burma sankazikamba konse. Adzukulu akawaumiriza, iwo ankangowatengera kumapiri a Dowa kukawaonetsa muwanga, msuku ndi mombo, ndi kuwaphunzitsa kulambula njira yotchinga moto udzu usanaume. Lero ena mwa adzukuluwo, posowa ntchito atamaliza sukulu, amatsika mapiri omwewo akukankha njinga za makala.