Nyimbo Imene Palibe Akuiimba

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi yofufuza mmene munthu amamvera nyimbo, ambiri amayesa kuti ndimaphunzitsa makwaya kapena ndimachiza makutu, chikhalirecho chimene ndimasanthula chimachitika tsiku ndi tsiku pamsewu wa pa Mwanza, pamene amayi amaunjika manachesi m'malichero podikira magalimoto opita ku Zobue ndi ku Tete. Mlendo akafunsa mtengo wa manachesi, mayi uja samutengera kumunda, pakuti liwu lonena za mtengo wogulira limatsika, pamene lonena za mtengo wobala zipatso limakwera pakati; ndipo kusiyana kumeneku, kumene sitikulemba m'mabuku, mwana amakudziwa asanaponde pakhomo pa sukulu.

M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, kodzaza madzi, mmene muli timaubweya ta maselo pafupifupi 16,000. Mpweya ukanjenjemera, kuyambira ka 20 kufikira ka 20,000 pa sekondi imodzi, timaubweyati timagwedezeka ndi kutumiza uthenga ku ubongo; koma uthengawo umafika uli mphale ndi gaga pamodzi, liwu la wogula, injini ya thiraki ndi kulira kwa mwana, ndipo wopeta wake ndi ubongo. Umapeta, umasanja, ndipo nthawi zina umawonjezamo zake.

Pamenepa ndi pamene mtima wanga umakondwera koposa. Imani pafupi ndi amayi awiri osinja pa mtondo umodzi, wina akutsitsa munsi pamene mnzake akukweza: aliyense akumenya mwapang'onopang'ono, koma inu mukumva kugunda kumodzi kofulumira, kumene palibe mwa awiriwo amene akukupanga. Gerhard Kubik wa ku Austria, amene kuyambira mu 1967 anagwira ntchito ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, anazindikira chinthu chomwechi ali ku Uganda, pophunzira kuimba amadinda, mbale wake wa mangolongondo. Atamvetsera zimene anajambula, anamvamo tinyimbo timene iye ndi anzake sanatiimbe, popeza ubongo umasonkhanitsa mawu okwera paokha ndi otsika paokha, nulukapo nyimbo zatsopano. Ndipo analemba za zimenezi mu 1962. Ine ndimakhulupirira kuti makolo athu, amene anati mutu umodzi susenza denga, ankachidziwa chinsinsichi ndi manja awo, nasiya dala mipata m'kamenyedwe kawo kuti womvera alowemo.

Usiku wina wachisanu ndinali pakhonde ndi gogo wina kufupi ndi Thambani, ndipo kuchokera kutsidya kwa phiri kunkamveka ng'oma. Nthaka ikazizira, mpweya wapansi umazizira kuposa wakumwamba, nupindira mawu pansi, n'chifukwa chake ng'oma ya usiku imafika kutali. Komanso mawu otsika amayenda ulendo wautali pamene okwera amafera m'njira. Chotero kwa ife kunkangofika gunda yekha, mbalule ndi kuwomba m'manja zitatsalira m'mitengo. Ine, mlendo, ndinkamva kugunda chabe. Koma gogoyo, amene anavina pabwalo limenelo ali mnyamata, anatseka maso, nayamba kumenya mbalule wosamvekayo ndi zala pabondo pake, milomo ikutsatira nyimbo ya amayi; ndipo nditamufunsa ngati akuwamvadi, anandiyang'ana modabwa nati, "Kodi inu simukuwamva, mwanawanga?"