Kusintha ntchito ku Britain: malipiro okwera si zokhazo zoyenera kuona

Pamene mitengo ya zinthu ikukwera, ena mwa anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amene amasamalira okalamba ku Britain akulingalira zosamukira kwa abwana olipira bwino. Kodi wosamukayo amasiya chiyani m'mbuyo?

Choyamba ndi zaka zimene wagwira. Malinga ndi malamulo a dzikolo, munthu wochotsedwa chifukwa ntchito yatha amalandira chipukutamisozi pokhapokha ngati wagwira pamalopo zaka ziwiri. Akasamuka, amayambanso kuwerenga.

Chachiwiri ndi visa. Chitupa cha Health and Care Worker chimayendera dzina la bwana amene analemba munthuyo ntchito. Wofuna kusintha ayenera kupeza chikalata kwa bwana watsopano ndi kupempha chilolezo ku Home Office asanayambe ntchitoyo. Bwanayo akadzalandidwa laisensi, wantchito nthawi zambiri amapatsidwa masiku 60 kuti apeze wina, apo ayi achoke m'dzikolo.

Choncho musanatsanzike, onani ngati bwanayo ali pa m'ndandanda wa boma wa ololedwa kulemba alendo, ndiponso kuti mgwirizano ukulonjeza maola angati pa sabata. Malipiro okwera pa ola sapindula maolawo akachepa, pamene kumudzi akudikira fizi ndi feteleza.