Ululu waleka, koma kodi kachirombo kafa?

Munthu wa ku Milonde, ku Mulanje, akayamba kudandaula za "ma alasazi", abale amathamangira kumuletsa nanazi, tsabola ndi nyemba. Komatu zilonda zambiri zam'mimba siziyamba ndi zakudya. Gwero lake ndi kachirombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene ambiri timakatenga tili ana, makamaka kumene madzi ndi ukhondo zili zoperewera. Zilonda zina zimadza kaamba komwa brufen ndi indosidi mwachisawawa.

Kachiromboka anakatulukira ndi madokotala a ku Perth, Australia, a Barry Marshall ndi a Robin Warren mu 1982, ndipo mu 2005 analandira mphoto ya Nobel. Mu 1994 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inakaika m'gulu la zoyambitsa khansa ya m'mimba. N'chifukwa chake kungomva bwino sikokwanira, kayenera kufa.

Odwala amapatsidwa omeprazole pamodzi ndi maantibayotiki awiri, monga amoxicillin ndi clarithromycin kapena Flagyl, kwa sabata ngati ziwiri. Tsoka lake, mu Africa muno kachiromboka nthawi zambiri sikamvanso Flagyl, yemwe ena amangomwa akatsekula m'mimba pang'ono. Omeprazole naye amaziziritsa m'mimba ngakhale kachirombo kakadali moyo. Tsono munthu angadziwe bwanji kuti wachira popanda kumezetsedwa paipi ya kamera?

Ambiri amabwerera kokayezetsa magazi, poti n'kosavuta: dontho limodzi pa kapulasitiki, basi. Apa ndi pamene ndalama zikutayikira. Magazi saonetsa kachirombo, amaonetsa asilikali amene thupi linapanga polimbana nako, ndipo asilikaliwo amakhalabe miyezi yambiri, pena zaka, kachirombo katafa kalekale. Zili ngati chipsera, chimene chimangonena kuti panali bala. Munthu woti anachira amauzidwa kuti "akadali positive", n'kugulanso mankhwala owawa mkamwa aja pachabe.

Njira yachiwiri ndi yoyeza mpweya. Wodwala amamwa urea pang'ono (dzina lomwelija la pa thumba la feteleza, koma uyu ndi wokonzedwa mwapadera ku labotale, musayesere kunyumba!). Kachirombo kakakhalapo kamaphwanya urea uja, ndipo chizindikiro chake chimatuluka mumpweya umene munthu amauzira m'kathumba. Njirayi ndi yodalirika kwambiri, koma imafuna makina amene simungawapeze pa chipatala chaching'ono cha kumudzi.

Yomwe ikugwirizana ndi moyo wa ku Mulanje ndi yoyeza chimbudzi. Amafufuza tizidutswa ta kachirombo kenikeniko, choncho kakafa zotsatira zimasintha. Zipangizo zabwino zimalondola pa anthu oposa 90 mwa 100 aliwonse, pafupifupi mofanana ndi njira ya mpweya. Chofunika n'kachimbudzi kochepa chabe m'kabotolo, kosakhala kamadzimadzi, ndipo kafike ku labotale msanga. Chopinga chachikulu ndi manyazi. Bambo wamkulu kukwera kabaza atabisa kabotolo m'thumba la jekete, ambiri amaona ngati n'kudzichotsa ulemu, mpaka kusankha kubayidwa chala. Manyazi amenewo ndi odula.

Nthawi yoyezera nayo ndi nkhani. Padutse sabata 4 chimalizireni maantibayotiki, ndipo omeprazole mumusiye sabata 2 musanayezetse, mogwirizana ndi adokotala. Mukafulumira, kachirombo kamakhala katangofooka, zotsatira n'kunama kuti mwachira.

Pali ena amene sayenera kudikira zonsezi. Wosanza magazi, wochita chimbudzi chakuda bii, wowonda popanda chifukwa kapena wovutika kumeza athamangire ku chipatala cha boma ku Mulanje kapena ku Mulanje Mission, kuti ngati n'koyenera atumizidwe ku Queen Elizabeth ku Blantyre akamuunike ndi kamera.

Enanu mukamaliza mankhwala, werengani sabata 4, kenako funsani achipatala kumene mungakayezetse chimbudzi. Wina akakuuzani kuti ayeze magazi kuti aone ngati mwachira, sungani ndalama zanu.