KULOWA M'NYUMBA YOKONZEDWANSO: TIYAMBE NDI CIANI?

M'caka ca 1996, boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa anthu amene anali kukhalamo. Posacedwa nyumba za boma ndi za ku migodi nazonso zinatsata njira yomweyo. Mabanja ambiri a ku Matero, Chilenje, Libala ndi Kabwata mu Lusaka, ndiponso a m'matauni ena monga Chipata, Kabwe, Ndola ndi Kitwe, amene analipira lendi kwa zaka zocuruka, anasanduka eni ace a nyumba. Zambiri mwa nyumbazi zinamangidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo zinali zazing'ono. Tsono lero zakalamba, ndipo ana ndi adzukulu a amene anazigula ndiwo akuzikonzanso: akuonjezera zipinda, akusintha denga, akuika siling'i ndi matailosi, akupaka penti watsopano.

Nchito imeneyi ndi yoyamikika. Koma amisiri akatuta zida zao, banja limakhala litatopa ndi kugona mopanikizana kwa acibale, m'thumba mutauma, ndipo mtima umangofuna kulowa tsiku lomwelo ndi kudzaza nyumba ndi katundu woti anthu aone. Apa ndi pamene ambiri timapunthwa. Kulowa m'nyumba kuli ndi dongosolo lace: tiyambe ndi zosunga moyo, kenaka zogonera ndi zophikira, ndipo za maonekedwe zibwere potsiriza, popanda ngongole.

LOLANI NYUMBA IUME

Simenti imatenga masiku 28 kuti ifike pa mphamvu imene amisiri amaidalira, ndipo pa masiku oyamba imafuna kuthiriridwa madzi kuti isang'ambike. Pulasitala nayenso amafuna pafupifupi masabata anai kuti aume asanapakidwe penti, ndipo m'nyengo ya mvula amafuna nthawi yoposa pamenepo. Mukapaka penti pa khoma la cinyontho, penti amatupa, nayamba kusupuka miyezi ingapo isanathe. Mukatsamiritsa kabati ku khoma lotero, nkhungu imamera kuseri kwace, zovala zimanunkha, ndipo mwana wodwala mphumu ndiye ayamba kuvutika.

Penti akapakidwa, makamaka wa mafuta uja, tsegulani mazenera ndi zitseko kwa masiku angapo kufikira fungo litatha. Mai wapakati, khanda ndi okalamba asagone m'cipinda conunkha penti. Ngati denga ndi latsopano, mvula yoyamba ya mu Novembala ndiyo idzakuuzani zoona za nchito ya mmisiri. Yendani m'zipinda zonse mvula ili kugwa, muone pamene padontha, ndipo muitane mmisiriyo msanga siling'i isanabvunde. Ndi nzeru kupangana naye kuyambira paciyambi kuti gawo lotsiriza la malipiro ace adzalandira nchito itayesedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

FUMBI LA NYUMBA YAKALE

Nyumba zambiri za makhonsolo ndi za ku migodi zinafoleredwa ndi malata a asibesitosi. Malata amenewa akakhala bwino pa denga osakhudzidwa, ngozi yace imacepa. Koma akadulidwa ndi sowo, akabooledwa, akaswedwa kapena kukwecedwa ali ouma, amaturutsa fumbi losaoneka ndi maso limene limakakamira m'mapapo. Matenda ace, kuphatikizapo khansa, amadzaonekera patapita zaka 20, 30 kapena kuposapo. Ndico cifukwa cace maiko ambiri analetsa asibesitosi. Dziko la South Africa linatero mu 2008. Motero ngati munasintha denga, musasiye zidutswa za malatawa pabwalo kuti ana aziseweretsa. Musamangire nazo khola la nkhuku, ndipo musaziphwanye kuti mukwirire matope a pakhomo. Zinyowetseni ndi madzi, zikulungeni m'pulasitiki, ndi kufunsa a khonsolo za malo oyenera kukazitaya.

Fumbi lina loopsa ndi la penti wakale. Penti wambiri wa mafuta wa masiku amenewo anali ndi mtovu. A Zambia sitifunikira kuuzidwa zambiri za mtovu, pakuti tidziwa za Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994 koma dothi lace likudwalitsabe ana. Mtovu umaononga ubongo wa mwana wamng'ono, ndipo mwanayo amadzavutika kusukulu popanda makolo kudziwa gwero lace. Amisiri akapala zitseko ndi mafelemu a mazenera, fumbi limatsalira pansi pamene khanda limakwawa ndi kuika zala m'kamwa. Cotero musanalowetse katundu, kolopani nyumba yonse ndi nsanza yonyowa kawiri kapena katatu. Kusesa ndi tsace louma kumangoulutsa fumbilo. Pogula penti watsopano, werengani pa citini ngati palembedwa kuti mulibe mtovu.

MBAULA, MAGETSI NDI ZITSULO ZA PA MAZENERA

Nyumba yakale inali ndi mipata yambiri yolowera mphepo: pansi pa citseko, pakati pa khoma ndi denga, ndi timabowo tija ta pamwamba pa mazenera. Pokonzanso, ambiri amatseka zonsezi kuti fumbi ndi udzudzu zisalowe. Nyumba imafunda ndithu, koma imasanduka botolo lotseka. Makala akamayaka m'cipinda cotero amaturutsa mpweya wochedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amayamba kumva mutu ndi cizungulire, amagona, ndipo sadzukanso. Pafupifupi caka ndi caka, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, timamva za anthu amene anafa motero. Timabowo ta mpweya tisatsekedwe ndi simenti. Ikanipo sefa ya waya. Ndipo mbaula isagone m'nyumba, ngakhale makala ataoneka ngati azima.

Za magetsi nazo zifuna maso. Nthambo za m'nyumba zakale zinaikidwa pamene banja linali ndi mababu ocepa ndi wailesi imodzi. Soketi imodzi ya maampu 13, pa mphamvu ya mavoti 230 imene timalandira m'nyumba zathu, imanyamula pafupifupi mawati 3,000. Ketulo yokha imadya mawati ngati 2,000, ndipo mukaonjezapo nsimbi pa adaputa yomweyo mwapitirira kale muyeso. Nthambo imatentha m'kati mwa khoma kapena m'siling'i kumene simuona. Itanani wa magetsi wophunzira bwino nchito yace, ayese nyumba yonse, ndipo citofu cikhale ndi nthambo yaceyace. Zaka za 2015, 2019 ndi 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, zinatiphunzitsa cinthu cina: magetsi akathima, zimitsani citofu ndi nsimbi pomwepo, cifukwa adzabwera muli m'tulo. Kandulo ikhale pa mbale, kutali ndi makatani.

Zitsulo zochinga mbala pa mazenera n'zofunika, koma moto ukabuka zimatsekeranso eni nyumba m'kati. Nyumba ikhale ndi makomo awiri oturukira, ndipo aliyense, ngakhale mwana wa sukulu, adziwe pamene makiyi amakhala usiku. Maloko onse asinthidwe amisiri akacoka, pakuti makiyi anadutsa m'manja ambiri.

KATUNDU: COYAMBA N'CITI?

Tsopano tifike pa katundu. Cizolowezi cathu n'cakuti timayamba ndi pabalaza, popeza ndi pamene alendo amaona. Masofa akuru, kabati ya magalasi yodzaza ndi mbale zosadyera, TV yaikuru pa khoma. Koma mukasuzumira ku cipinda ca ana, mupeza anai akugona pa matiresi imodzi yong'ambika, popanda neti. Makolo athu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Munthu amatha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a moyo wace ali m'tulo. Cotero ndalama yoyamba ipite ku zogonera: matiresi yolimba, zofunda, ndi neti yonyikidwa m'mankhwala pa malo alionse ogonapo, pakuti malungo sayang'ana kukongola kwa nyumba. Ngati mwaonjezera cipinda, cikhale ca kulekanitsa anyamata ndi atsikana amene akusinkhuka, cisanakhale ca alendo. Makatani a ku zipinda zogona agulidwe msanga; a pa salaula amagwira nchito bwino lomwe.

Caciwiri ndi khicini ndi madzi: miphika, mthiko, cipande, zidebe zokhala ndi zivindikiro, ndi shelefu yokweza ufa kuti usakhudze pansi pamene pali makoswe ndi mphemvu. Amai ambiri analandira ziwiya pa kicheni pate, ndipo zina zikali m'makatoni. Ziturutseni musanagule zina. Palafini, mankhwala a makoswe ndi ocapira zikhale pamwamba pamene mwana safika, ndipo zisathiridwe m'mabotolo a zakumwa.

Cacitatu ndi tebulo ndi mipando. Tebulo limodzi limatumikira banja katatu: podyera, polembera ana nchito ya kusukulu, ndi pokambirana za m'nyumba. Likhale pamene pali kuwala kokwanira. Zitatha izi ndiye tiganize za masofa. Pakali pano mphasa yoyera ndi mipando iwiri ya akuluakulu sizicititsa manyazi munthu aliyense.

POGULA KWA KALIPENTALA

Musanapite kumsika, yezani zipinda ndi makomo anu ndi cingwe. Nyumba za khonsolo zili ndi makomo opapatiza, ndipo si zacilendo kuona sofa itakanika kulowa, kapena bedi litatsekereza citseko ca cipinda.

Amisiri athu a matabwa, monga aja a ku Kalingalinga mu Lusaka ndi a m'misika ya m'matauni ena, amapanga katundu wabwino amene angathe kukonzedwa akathyoka. Koma funsani za mtengo umene anagwiritsa nchito. Mlombwa, umene ambiri amaucha mukwa, ndi wolimba ndipo ciswe siciukonda, koma ndi wodula. Paini ndi wochipa ndi wopepuka, koma ndi wofewa ndipo afuna kutetezedwa ku ciswe ndi cinyontho. Cacikuru n'cakuti thabwa likhale louma, pakuti laliwisi limapindika ndi kung'ambika dzuwa la Okutobala likafika. Tembenuzani mpando muone kunsi kwace: kodi ndi wolumikizidwa bwino, kapena wangokhomedwa misomali? Mukaona ufa wa mtengo ukugwa m'timabowo, dziwani kuti muli tizilombo.

Katundu wogwiritsidwapo kale nchito ali ndi ubwino wace, koma nsikidzi zimabisala m'misoko ya matiresi ndi m'molumikizira bedi. Musalowetse bedi lotero tsiku lomwelo. Limasuleni, thirani madzi owira m'mipata yace, ndi kuliyanika pa dzuwa. Lamulo lomweli likhudzanso katundu wanu wakale amene anasungidwa kwa acibale pamene nyumba inali kukonzedwa.

NGONGOLE NDI MAPEPALA

Mdani wamkuru wa nyumba yatsopano ndi kaloba. Tiyerekeze kuti mwakongola K1,000, ndipo wokongozayo afuna K30 pa K100 iliyonse pa mwezi. Mukalephera kubweza, mwezi woyamba ngongole ifika K1,300, waciwiri K1,690, wacitatu K2,197. Pa miyezi itatu yokha yapitirira kawiri, ndipo sofa imene munakongolera ndalama idzaturuka pa khomo lomwe inalowera, anansi akuona. Kugula m'sitolo molipira pang'onopang'ono nakonso kufuna kuwerengera: phatikizani malipiro a miyezi yonse, muyerekeze ndi mtengo wa kugula kamodzi, musanasaine.

Cilimba ca anthu okhulupirika ndi njira yabwinopo. Anthu 10 oponya K200 pa mwezi amapatsa mmodzi K2,000 popanda ciongoladzanja. Mwamuna ndi mkazi akhale pansi, alembe zofunika motsatana, ndipo agule cimodzicimodzi, ndalama ya sukulu ndi ya cakudya itapatulidwa kale. Mutu umodzi susenza denga, ndipo katundu wogulidwa mobisirana amabala mikangano.

Sungani malisiti pamodzi ndi cikalata ca umwini wa nyumba ndi pulani yobvomerezedwa ndi khonsolo. Ngati nyumba ikali m'dzina la kholo limene linamwalira, longosolani nkhaniyo ndi abale anu onse musanathiremo ndalama zina. Taona amai amasiye akutsala m'nyumba yopanda ngakhale mphika, acibale a mwamuna atatuta zonse maliro asanazizire. Lamulo la za cuma ca masiye la 1989 linanena kuti katundu wa m'nyumba ndi wa mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana, ndi kuti wamasiye ali ndi ufulu wokhala m'nyumbamo kufikira atamwalira kapena atalowa ukwati wina. Mapepala osungidwa bwino, ndi wilo yolembedwa munthu akali wamphamvu, zimathandiza kuti lamuloli ligwire nchito.

TSEGULANI CITSEKO

Mabanja ena amazengereza kuitana anthu kufikira nyumba itadzaza, ndipo zaka zimapita. Palibe cifukwa codikira. Nyumba ikauma, ikayera, ndipo aliyense ali ndi pogona, itanani anansi ndi Akristu anzanu a mu mphakati, mupemphe Bambo Mfumu adzaidalitse, ndipo mudyere pamodzi nsima ndi ndiwo zimene zilipo. Amene anakusungani pa nthawi ya nchito, ndi amene anathandiza kutunga madzi ndi kusenza mcenga, akhale oyamba kuitanidwa. Akabwera ndi timipando tao kucokera kwao, alandireni ndi manja awiri. Za masofa mudzaziona caka camawa, cilimba cikadzafika pa inu.